Mtengo wa chipinda pa loji ya kumudzi kuno kuchigwa cha Shire: tiziuwerengera bwanji?

Mlambe_wa_Nchalo
Abale, ndithandizeni nzeru. Loji ndi ya zipinda 6, ili chakufupi ndi Nchalo, mbali yolowera kumalo osungira nyama a Lengwe. Zipinda ziwiri zili ndi eyakoni, zinayi zili ndi mafani okha. Mtengo ndi K35,000 chipinda chilichonse pamodzi ndi kadzutsa, cha eyakoni ndi cha fani chimodzimodzi. Alendo ndi osakanikirana: ogwira ntchito m'mabungwe, akontilakitala, ogulitsa katundu ochokera ku Blantyre, ndi ena odzaona nyama kumapeto kwa sabata. Mwezi ukatha ndalama yotsala palibe, pomwe alendo akuti mtengo wakwera kale, akudandaulanso za kutentha, madzi amchere ndi kuzima kwa magetsi. Ndikweze mtengo kapena ndidule zina? Ndikakweza sathawira m'malo ogona otchipa a pa Nchalo?

MlembiWaMabuku
Achimwene, musanakweze kapena kudula chilichonse tipatseni manambala atatu. Loyamba, ndalama imene mumalipira pamwezi kaya kuli mlendo kaya kulibe. Lachiwiri, imene imatuluka chipinda chimodzi chikagonedwa usiku umodzi. Lachitatu, zipinda zinagonedwa kangati chaka chatha chonse, osati mwezi wabwino wokha. Tsegulani buku la alendo muwerenge.

Mlambe_wa_Nchalo
Za pamwezi zikufika K1,800,000: malipiro a anthu, alonda, malayisensi, intaneti, DStv, kukonzakonza. Chipinda chikagonedwa, kadzutsa, kuchapa, sopo, madzi akumwa ndi magetsi zimadya cha m'ma K12,000. M'buku zipinda zinagonedwa ka 660 chaka chonse.

MlembiWaMabuku
Ndiye yankho lili m'manambala anu omwewo. Zipinda 6 kuchulukitsa ndi masiku 365 ndi 2,190. Inu munagulitsa 660, kutanthauza kuti pa zipinda 10 zilizonse zitatu zokha ndi zimene zinali ndi munthu. K1,800,000 pamwezi ndi K21,600,000 pachaka. Mukaigawa kwa 660 aja, chipinda chilichonse chogonedwa chikusenza pafupifupi K33,000 ya zolipira zosasintha. Onjezerani K12,000 ija, mwafika pa K45,000 musanapeze ngakhale tambala ya phindu. Inu mukugulitsa K35,000. Mlendo aliyense akamatuluka pageti amakhala wakusiyirani ngongole ya K10,000, ndipo pachaka ikupitirira K6,000,000. Ngati loji sinatsekedwe mpaka lero ndiye kuti bala ndi khitchini ndi zimene zikuinyamula, kapena mukutapa m'thumba lina.

Pamene ambiri amasocherera ndi apa: amagawa zolipira za pachaka kwa 2,190, ngati kuti zipinda zimadzaza tsiku lililonse. Akatero amapeza K10,000 m'malo mwa K33,000, n'kumaona ngati K35,000 ili ndi phindu lalikulu.

Ngati mukufuna kukhalabe pa K35,000, chipinda chilichonse chikutsalira K23,000 yolipirira za pamwezi zija, ndiye muyenera kugulitsa pafupifupi ka 940 pachaka, osati 660. Njira zilipo zitatu basi: mtengo ukwere, alendo achuluke, kapena K1,800,000 itsike. Nthawi zambiri mumagwira pang'ono paliponse.

Funso limodzi: mu K1,800,000 muli malipiro anu inuyo? Nanga 10 peresenti ya penshoni imene olemba ntchito amaikira wantchito aliyense? Ngati mulibe, dzenje ndi lalikulu kuposa pamenepa.

Dalaivala_M1
Masamu ndi abwino koma K45,000 wogulitsa sopo ndi mabisiketi sangalipire. Amapatsidwa alawansi yake yochepa, akufuna atsaleko ndi ya ndiwo kunyumba. Mukakweza adzagona pa Dyeratu kapena pa Ngabu, basi.

MlembiWaMabuku
Apite. Mlendo amene mukumugulitsa chinthu cha K45,000 pa K35,000 si woti muzimulirira. Koma sindikunena kuti zipinda zonse zikhale mtengo umodzi, vuto lina lili pomwepo.

FundiWaMagetsi
Ndi pomwepo ndithu. Kugulitsa chipinda cha eyakoni mtengo umodzi ndi cha fani ndiko kukudya ndalama. Tiyeni tiwerenge. Eyakoni ya 12,000 BTU (muyezo wa mphamvu yake yoziziritsa) yachikale, yopanda inveta (chida chochepetsa liwiro la kompuresa kuti isadye magetsi ambiri), imakoka cha m'ma 1.1 kW kompuresa ikamayenda. Mu Okotobala ndi Novembala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40 masana, zipupa zimasunga moto mpaka pakati pausiku, ndiye kompuresa sipuma kwenikweni. Maola 10 ndi mayunitsi 10 kapena 11. Fani ya kudenga ndi mawati 70, maola 10 omwewo sikwana ndi yuniti imodzi yomwe. Kusiyana kwake n'kopitirira ka 10.

Magetsi a ESCOM akazima ndiye nkhani ikukula. Jenereta ya dizilo yonyamula katundu woyenera imamwa pafupifupi lita imodzi pa mayunitsi atatu. Eyakoni imodzi usiku wonse ndi malita 3 kapena 4, ndipo ikamayenda ndi katundu wochepa imamwa kwambiri pa yuniti iliyonse. Tengani mtengo wa dizilo wa lero muchulukitse, muone chotsala pa K35,000. Chinanso, kompuresa yachikale ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa ikamayenda. Jenereta ya 5 kVA (muyezo wa mphamvu yake) ikhoza kunyamula ziwiri, koma muziyatse imodzi kenako inayo, ndipo giza ndi pampu zikhale zozimitsa. Mukayatsa zonse pamodzi voteji imagwa, chimene chimapsa ndi kapasita kapena kompuresa imene.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi denga, osati makina. Malata opanda chotchinga kutentha pansi pake amaotcha siling'i, siling'i n'kumaotcha mlendo. Ikani chotchinga chonyezimira chija pansi pa malata, siyani mpata woti mpweya wotentha uzituluka pamwamba pa siling'i, malata muwapake utoto woyera. Mawindo a kumadzulo muwatchinge ndi khonde kapena mitengo. Mukamadzasintha eyakoni mugule ya inveta, muiike pa madigiri 25 pamodzi ndi fani. M'chipinda chotchingidwa bwino mayunitsi amatsika pafupifupi ndi theka. Zosefera zake muzitsuka sabata ziwiri zilizonse nyengo ya fumbi.

Nachisale_wa_Bereu
Ena amaika mita pa chipinda cha eyakoni, mlendo n'kulipira mayunitsi amene wagwiritsa. Sizabwino?

MayiWaPaKauntala
Ayi achemwali, musayerekeze. Mlendo wodzapuma safuna kuwerengeredwa mayunitsi m'mawa akutuluka, mudzangokangana pa kauntala. Mtengo ukhale umodzi wodziwika asanabwere: chipinda cha fani mwakuti, cha eyakoni mwakuti. Mita mukhoza kuika kuti inuyo mudziwe chimene chipinda chikudya, osati yomulipiritsira. Chothandiza kwambiri ndi switchi ya kiyi, yoti akatuluka ndi kiyi eyakoni izime. Ambiri amaisiya ikuyenda tsiku lonse ali kokaona nyama ku Majete kuti akabwerako apeze mukuzizira.

FundiWaMagetsi
Switchi ya kiyi inde, koma isanyamule eyakoni yokha mwachindunji, idzapsa. Idutse pa kontakita, switchi ina yopangidwira kunyamula magetsi ambiri.

Mlambe_wa_Nchalo
Nanga sola? Wina anandiuza kuti ndingoika sola zonse zitheretu.

FundiWaMagetsi
Sola ndi yabwino koma eyakoni ya usiku musaiike pa batire, pokhapokha ndalama zikusefukira. Batire ya lithiamu ya 5 kWh eyakoni imodzi yachikale imaimaliza m'maola 4. Pa batire ikani zimene mlendo sangakhululuke zikasowa: fani, magetsi ounikira, potchajira foni, intaneti ndi firiji. Chipinda chimodzi chimafuna pafupifupi yuniti imodzi usiku, zipinda 6 ndi mayunitsi 6, firiji ndi magetsi a panja ziwiri zina. Mabatire awiri a 5 kWh, mapanelo 6 a mawati 550 ndi inveta ya 5 kVA (chosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba) zikukwanirani, pampu ya madzi muziiyendetsa masana dzuwa lili pamutu. Mabatire a asidi kuno sachedwa kufa chifukwa cha kutentha: madigiri 10 aliwonse pamwamba pa 25 amadula moyo wake pafupifupi ndi theka. Kachipinda ka mabatire kakhale kolowa mphepo, kasakhale kotsamira khitchini. Mapanelo muzitsuka m'mawa kusanatenthe, fumbi la Seputembala limadya mphamvu yambiri.

Musaiwale zimene zinachitika mu Januwale 2022. Namondwe Ana ataononga damu lopangira magetsi la Kapichira dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo makina sanabwerere mpaka 2023. Amene anaika mtengo poganiza kuti jenereta ndi ya mwa apo ndi apo anaiyendetsa tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu.

MayiWaPaKauntala
Pa za madandaulo a alendo, ambiri sadandaula chifukwa chinthu kulibe. Amadandaula chifukwa sanauzidwe. Munthu akabuka, mutumizireni uthenga pa WhatsApp wonena zoona zokhazokha. Muuzeni kuti nyengo ino kukutentha kwambiri. Muuzeni kuti magetsi akazima fani ndi zounikira zimayendabe pa sola, koma eyakoni imayenda pa jenereta kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 11 koloko basi. Muuzeni kuti madzi osamba ndi a pa mjigo, ali ndi kamchere, akumwa timapereka a m'botolo. Muuzeni mtunda weniweni wokafika pageti la Lengwe ndi la Majete, chifukwa wa ku Lilongwe amaona ngati zonse zili pakhomo panu pomwe Majete ali kumtunda kwa boma la Chikwawa. Chakudya chamadzulo aitanitse isanakwane 3 koloko. Akavomera zimenezi asanatumize dipoziti, m'mawa mulibe mlandu.

Zithunzi nazo. Musajambule chipinda chimodzi chabwinocho n'kumagulitsira zonse 6. Ndipo musaike chithunzi cha mu Febuluwale udzu uli wobiriwira pomwe munthu akubwera mu Okotobala kuli mbee.

Dalaivala_M1
Eyakoni kuzima 11 koloko? Ndiye ndalipiriranji? Kutentha kwa kuno 11 koloko kumakhala kusanayambe n'kuganiza zochoka komwe.

MayiWaPaKauntala
N'chifukwa chake mumauzidwa musanalipire, bambo. Amene akufuna jenereta mpaka mbandakucha pali mtengo wake wapadera, wolembedwa, wa usiku umenewo. Ena amavomera, makamaka akakhala ndi mwana wakhanda.

FundiWaMapaipi
Ndilowepo pa za madzi amchere, chifukwa ndi ndalama yobisika imene sinalowe mu K12,000 ija. Mijigo yambiri ya kuno kuchigwa, makamaka kutsika kuchokera Nchalo kumka ku Ngabu ndi Bangula, imatulutsa madzi a mchere, ndipo mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana. Madzi otere amadya elementi ya giza, amatseka timabowo ta shawa, amaumitsa matawulo, sopo sachita thovu ndiye ochapa amathira wambiri. Mipope yotchipa yonyezimira ija imachita dzimbiri chaka chisanathe. Gwiritsani mapaipi a pulasitiki, mipope ya mkuwa weniweni kapena ya pulasitiki yolimba, ndipo mitu ya shawa muziiviika mu viniga kamodzi pamwezi.

Kuwiritsa sikuchotsa mchere, kumauwonjezera chifukwa madzi ena amauluka. Klorini amapha tizilombo koma mchere amausiya. Sefa wamba wa dongo wooneka ngati makandulo nayenso ayi. Chochotsa mchere ndi makina a RO, okankha madzi pa sefa yothina kwambiri, koma amataya madzi ambiri kuposa amene amasefa ndipo amafuna magetsi, ndiye ngati mugula akhale aang'ono a kukhitchini ndi madzi akumwa basi. Musanagule chilichonse kayezetseni madziwo.

Njira yotchipa ndi kukolola mvula. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 200, mvula ikagwa mamilimita 700 pachaka, mukachotsa otayika mutsala ndi malita opitirira 100,000. Simungasunge onse, koma mathanki awiri a malita 5,000 ochapira nsalu zoyera ndi kuphikira tiyi amasintha zambiri. Madzi oyamba otsuka denga muziwataya.

Za giza: miyezi yotentha zimitsani. Dandaulo la mu Okotobala si madzi ozizira, ndi madzi otentha. Thanki yakuda ili padzuwa pamwamba pa nsanja, mapaipi ali poyera, mlendo akatsegula shawa 4 koloko masana madzi amamuwaula. Imangireni kadenga thankiyo, mapaipi muwakwirire pansi. Giza muziyatsa Juni ndi Julayi, ola limodzi m'mawa. Pa mlendo mmodzi werengerani malita 100 mpaka 150 patsiku, kuphatikiza kuchapa.

WaKuMakhanga
Takhuta afundi. Koma ine ndikuona kuti anthu odzaona nyama akufuna damu losambira. Loji yopanda posambira kuno sikoka anthu a ku Blantyre.

FundiWaMapaipi
Pa zipinda 6 zogonedwa ka 660? Damu la mamita 8 kwa 4 nyengo yotentha likhoza kutaya mamilimita 8 patsiku ndi dzuwa lokha, amenewo ndi malita 250 tsiku lililonse. Pampu ya 0.75 kW maola 8 ndi mayunitsi 6, kaya kuli mlendo kaya kulibe. Onjezerani klorini, amene padzuwa la kuno sachedwa kutha mphamvu. Magetsi akazima masiku awiri madzi asanduka obiriwira, ndipo damu lobiriwira limathamangitsa alendo kuposa kusakhala nalo. Madzi akamauluka mchere umatsala, ndiye pa mjigo wamchere likhala likuwawirawawira.

WaKuMakhanga
Komabe Loweruka anthu amalipira kungosamba, osagona. Amagulanso zakumwa.

MlembiWaMabuku
Zoona, koma imeneyo ndi bizinesi ina, ya phokoso ndi nyimbo. Amene walipira kuti agone msanga adzuke 5 koloko kukaona nyala ku Lengwe sangagwirizane ndi sipika ya padamu. Sankhani kuti malo anu ndi a ndani.

MphikiWaNgabu
Kukhitchini nako tiyeni tikonze. Mndandanda wa zakudya wautali ndi umene umaononga, chifukwa firiji ikazima mumataya zonse. Zakudya 4 kapena 5 zokwanira: nkhuku ya lokolo, mbuzi, nsomba, nyemba ndi masamba, ndi nsima, mpunga kapena tchipisi. Mtengo wa mbale ukhale katatu ka ndalama ya zinthu zimene zalowamo, chifukwa pamwamba pake pali makala kapena gasi, mafuta, wophika ndi zotayika. Yezani. Mbuzi yogula yamoyo nyama yake siifika theka la kulemera kwake ikasendedwa, ndiye musawerengere mtengo pa mbuzi yoyenda. Mbale imodzi magalamu 200 a nyama yaiwisi, muziika m'timapepala musanaike mufiriji, wophika asamatape ndi maso.

Nkhuku ya lokolo imafuna maola awiri pamoto. Mlendo akaitanitsa 7 koloko usiku adzadya 9 koloko ali wokwiya, n'chifukwa chake mawu a mayi aja a 3 koloko ndi ofunika. Kadzutsa alembedwe: mazira awiri, buledi kapena mbatata, tiyi, chipatso. Soseji ndi zina alipire padera. Opita kukaona nyama mbandakucha muwakonzere chonyamula usiku.

Ndipo chakumwa chikhale chozizira kwenikweni. Kuno mlendo akhoza kukhululuka zambiri koma osati Fanta wofunda. Firiji ya chivundikiro chapamwamba imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yoimirira. Pansi pake muzigoneka mabotolo a madzi oundana.

GogoWaBangula
Nsomba yake iti? Musamawapatse chambo choti chayenda kuchokera ku Mangochi chafika chitatopa. Kuno tili ndi mphende ndi mlamba wa ku dambo la Elephant Marsh. Mlamba wowamba wothira tomato ndi nsima ya mapira, mlendo sadzaiwala.

Dalaivala_M1
Agogo, anthu a m'tauni ena mlamba sadya, ena chifukwa cha chipembedzo, ena amangounyoza.

GogoWaBangula
Aziphunzira. Nanga anabwereranji kuno ngati akufuna za kwawo? Muwapatsenso madzi a malambe ozizira, ndi masau nyengo yake.

MphikiWaNgabu
Malambe ndikuvomera, ndi otchipa ndipo phindu lake limaposa la zakumwa za m'botolo, bola madzi ake akhale owiritsa ndi osawawa mchere. Nsima ya mapira muzifunsa kaye, musangomuikira.

Nachisale_wa_Bereu
Tabwererani ku mtengo abale, mwayamba kutidyetsa njala. Ine funso langa ndi la misonkhano ya mabungwe. Si imene ingadzaze zipinda?

MlembiWaMabuku
Imadzaza holo, osati zipinda. Obwera ku msonkhano akalandira alawansi m'manja amakagona kotchipa kuti atsale ndi kanthu. Amene amagona panu ndi otsogolera awiri kapena atatu ndi dalaivala. Ndiye msonkhano muziuwerengera pawokha: holo, tiyi kawiri, nkhomaliro, madzi, ndi dizilo wa jenereta wa tsiku lonse chifukwa pulojekita ndi mafani sizingazime.

Choopsa ndi kalipiridwe. Amakupatsani LPO, kalata yoitanitsa zinthu yolonjeza kulipira pambuyo pake, inu mugula mbuzi, mpunga ndi madzi ndi ndalama zanu, malipiro n'kubwera patatha miyezi iwiri kapena itatu, atadulako kale msonkho wa MRA. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi ma invoisi osalipidwa nthawi imeneyo analandira ndalama yosagula zimene anagwiritsa ntchito. Pa kotesheni lembani kuti mtengowu ndi wa masiku 14, theka lilipidwe msonkhano usanayambe, ndipo chiwerengero cha anthu chitsimikizidwe kutatsala masiku awiri. Akanena 40 n'kubwera 25, alipira za 40. Satifiketi ya msonkho umene adula muziitenga, imakuthandizani powerengera msonkho wanu wa pachaka.

Nachisale_wa_Bereu
Mabungwe ena salola kulipira theka patsogolo, amati malamulo awo sakulola.

MlembiWaMabuku
Ndiye mtengo wawo ukhale wokwererapo, kudikira kuli ndi mtengo wake. Ndipo musalole ngongole ziwiri kwa bungwe limodzi, yoyamba isanalipidwe yachiwiri ayi.

MayiWaPaKauntala
Alendo amene angakweze 660 uja ndi okhalitsa. Kuno kuli ntchito ya ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira, kuli akontilakitala obwera ku fakitale ya shuga, kuli ofufuza za ulimi ndi zaumoyo. Munthu wokhala mwezi sasinthiridwa zofunda tsiku ndi tsiku, kawiri pasabata n'kokwanira, ndiye K12,000 ija imatsika. Mukhoza kumuchotsera 15 kapena 20 peresenti, alipire sabata iliyonse patsogolo. Koma zipinda zonse musazipereke kwa kampani imodzi. Tsiku limene ntchito yawo idzathe mudzapeza makasitomala akale anazolowera kwina.

Nyengo nazo zisiyane mtengo. Meyi mpaka Ogasiti kunja kukuzizirirako, odzaona nyama ndi ambiri, eyakoni siigwira ntchito kwambiri: apa ndi pokolola. Seputembala mpaka Novembala nyama zimaoneka bwino pamadzi koma magetsi akudya, chipinda cha eyakoni chikwere. Januwale mpaka Malichi misewu yafumbi yaterera, odzapuma ndi ochepa. Pamenepo tsitsani za fani kuti mukoke apaulendo, tsekani zipinda ziwiri muzikonze, antchito atenge tchuthi chawo.

WaKuMakhanga
Koma madzi akasefukira zipinda zimadzaza ndi a mabungwe othandiza. 2015 zinatero, 2019, namondwe Ana, ndi Freddy mu Malichi 2023. Pamenepo ena amakweza kawiri.

GogoWaBangula
Kukweza pa tsoka la anzako? Anthu ali m'misasa inu mukuwerenga phindu? Mudzi umaona zimenezo.

MlembiWaMabuku
Agogo akunena zoona pa kukweza kawiri, ndipo mabungwe amasunga mitengo yanu yakale m'mafayilo, adzakufunsani. Koma kuchotsera nakonso ayi. Nthawi imeneyo msewu ukaduka katundu amakwera, dizilo amasowa, magetsi kulibe. Lipiritsani mtengo wanu wonse wa nyengo yabwino, ndi dizilo padera ngati akufuna jenereta usana ndi usiku. Ndipo amene muli ndi inshuwalansi werengani pepala lanu muone ngati madzi osefukira alimo. Ambiri amangoganiza kuti alimo.

Dalaivala_M1
Nanga azungu? Bwanji osangowalipiritsa madola, a kuno n'kumalipira makwacha ochepa? Ku Majete pageti mitengo imasiyana, Mmalawi ndi wakunja salipira zofanana.

MayiWaPaKauntala
Ku Majete n'kosiyana, ndi malo a dziko, ndipo a African Parks akhala akuwayendetsa kuyambira 2003, anabwezeretsamo njovu, zipembere ndi mikango. Munthu amalipira zimenezo. Inu chipinda ndi chomwecho, fani ndi yomweyo. Wakunja akaona kuti mnzake walipira theka pa chipinda chofanana amakalemba pa intaneti, ndipo zolembazo sizifufutika. Chochita ndi ichi: mtengo wolembedwa ukhale umodzi, wokwanira, kenako muzichotsera amene mukufuna, monga okhalitsa, obwerabwera, ndi Amalawi nyengo ya mvula. Kuchotsera munthu amakuthokozani, kuonjezera amakutukwanani. Wakunja mumupezere ndalama pa zinthu zina: kumutengera pageti m'mawa, kumupezera bwato ndi womuperekeza wodziwa mbalame ku Elephant Marsh, amene analowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017, kumuchapira, kumukonzera chakudya chonyamula.

Mukalembetsa pa Booking.com dziwani kuti amadula komishoni ya cha m'ma 15 peresenti, ndiye muiwerengeretu. Za msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo ndi VAT, ngati munalembetsa, nenani poyera ngati zili mkati mwa mtengo. Kumuonjezera munthu pa lisiti zimene sanamve n'kumene kumayambitsa mkangano.

Mlambe_wa_Nchalo
Obuka osabwera ndiye andichulukira, makamaka a Loweruka.

MayiWaPaKauntala
Popanda dipoziti palibe buking'i. Theka pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndalama yotapira muiwerengere. Akalephera n'kunena kutatsala masiku atatu, dipoziti isungidwe adzagwiritse ntchito tsiku lina m'malo moibweza. Akangokhala chete yapita. Pa maliro ndi matenda muzimva chisoni, musunthireni tsiku.

KalipentalaWaNsanje
Palibe watchula chiswe ndi mileme. Mafelemu a zitseko a mtengo wosathira mankhwala kuno zaka ziwiri sakwanitsa. Ikani achitsulo, ndipo mankhwala a chiswe athiridwe kuzungulira maziko mvula isanayambe. Mileme ikalowa mu siling'i fungo lake silichoka ndi mankhwala onunkhiritsa, ndipo kukatentha limakula. Tsekani mipata ya pansi pa malata ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono, madzulo itatuluka, osati masana ili mkati. Mawindo onse akhale ndi waya wa udzudzu, neti ikhale yaikulu ya makona anayi yofika pansi, fani ikhale mkati mwa neti ngati denga likulola. Neti yothina yozungulira ija imatchinga mphepo, mlendo amaichotsa usiku, m'mawa ndi madandaulo a udzudzu. Pansi pa chitseko ikani labala, zinkhanira zimalowera pamenepo.

MlembiWaMabuku
Zimene akunena akalipentalazi ndi chifukwa chake pamafunika thumba la zokonza. Pa ndalama iliyonse yolowa patulani 5 peresenti ku akaunti ina imene simuigwira. Bedi lililonse likhale ndi zofunda zitatu: china pabedi, china kochapa, china m'kabati. Matiresi, matawulo, pampu ndi eyakoni zonse zili ndi tsiku lake lofera, ndipo zimakonda kufera limodzi.

Palinso chipinda chimene sitikuchitchula: cha achibale. Alamu abwera ku ukwati, amalume adzera ku chipatala, anzanu a ku tchalitchi, onse agona ulere n'kudya kadzutsa. Sindikuti muwathamangitse. Koma lembani m'buku usiku uliwonse wotere ndi K12,000 yake, muone pakutha pa chaka. Ndipo Lachisanu ndi Loweruka nyengo yabwino akagone kunyumba kwanu.

GogoWaBangula
Amalume kuwalemba m'buku ngati ngongole? Ana inu.

MlembiWaMabuku
Sadzaliona bukulo agogo.

Mlambe_wa_Nchalo
Ndamva abale. Ndikuganiza zoika za fani pa K40,000, za eyakoni pa K58,000, dizilo wa usiku wonse padera. Zikumveka?

MlembiWaMabuku
Zimadalira kuti mwa 660 aja angati anali a eyakoni. Tiyerekeze 260 a eyakoni ndi 400 a fani. Mupeza K15,080,000 kuphatikiza K16,000,000, zonse K31,080,000. Zotuluka zinali K29,520,000. Mwatuluka m'dzenje koma ndi K1,560,000 yokha pachaka, ndipo apo ndi ngati palibe mlendo wathawa. Akathawa 60 a fani, aliyense anali kukusiyirani K28,000, mwabwereranso pansi pa madzi. Ndiye mtengo wokha sukukwana: pezani wokhalitsa mmodzi wa miyezi itatu, ameneyo ndi mausiku 90 kale, ndipo muyang'anenso mu K1,800,000. DStv ya m'chipinda chilichonse ndi yofunikadi, kapena imodzi ya pabala ikukwana?

MayiWaPaKauntala
Makasitomala akale muwauze mwezi umodzi mtengo usanasinthe, ndipo tsiku limene ukukwera apeze china chasintha chimene angachione ndi maso, kaya neti zatsopano kaya fani yosazima.

Dalaivala_M1
DStv musachotse m'zipinda tsiku la mpira chonde. Ndipo K40,000 ya fani ikhale ndi malo abwino oimika galimoto mkati mwa mpanda, ndi mlonda wosagona. Ife onyamula katundu timayamba kuona zimenezo tisanaone bedi.

FundiWaMagetsi
A Mlambe, musanagule mabatire tumizani chithunzi cha bolodi lanu la magetsi. Ngati mafani ndi masoketi a eyakoni ali pa waya umodzi, pafunika kuwalekanitsa kaye, apo ayi inveta izidzazima nthawi iliyonse mlendo akayatsa eyakoni kapena ketulo.